Sabata imodzi yoyendera njira zothamangamo: Chipata, Lundazi ndi Mfuwe, kum'mawa kwa Zambia

Lolemba, Chipata

Mwezi uno wa Julayi kumayamba kuyera cha m'ma 05:50, ndipo dzuwa limasuzumira 6 koloko itadutsa chifukwa mapiri ozinga tauniyi amalibisa kaye. Wofuna kuthamanga pa phula atuluke nthawi imeneyi. Ikamati 07:00, Umodzi Highway, chigawo cha Great East Road chodutsa pakati pa tauni, imakhala itadzaza njinga zonyamula anthu, njinga zamoto, ana asukulu ndi malole opita ku Mwami, pa malire ndi Malawi, moti wothamanga amangokhalira kudumphira m'ngalande.

Tayamba ndi njira yapafupi: kuchoka pakati pa tauni kulowera kumadzulo mpaka pa geti lolandira alendo ochokera ku Lusaka, pafupi ndi pamene msewu wa ku Mfuwe umapatukira, kenako n'kubwerera. Njirayi ndi yoyesera mapapo. Chipata ili pamwamba, mamita opitirira 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere. Wochokera ku Lusaka sangamve kusiyana, koma wochokera kuchigwa amadabwa mtima ukugunda ngati ng'oma pa liwiro limene kwawo amathamanga akucheza. Wotereyu achepetse liwiro masiku awiri oyamba, thupi lizolowere.

Magalimoto kuno amayenda kumanzere, ndiye inu thamangirani kumanja kuti muziyang'anizana ndi chimene chikubwera. Chovulaza anthu ambiri m'bandakucha ndi njinga. Zimatsika kuchokera kumidzi zitasenza matumba a makala, madengu a tomato kapena nshawa, zambiri zilibe nyali, ndipo njinga yolemedwa choncho siima pamene mwini wake wafunira. Mumaidziwa ndi kulira kwa tcheni kokha. N'chifukwa chake zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kunyumba. Chinanso ndi mlomo wa phula: pamene phula lathera pamakhala potsika mwadzidzidzi, ndipo phazi likaponda theka pa phula, theka pa dothi, kakolo amapotoka. Lole ikamabwera tsikirani pa dothi ndi mapazi onse awiri idakali patali, musadikire mphepo yake.

Kumazizira ndithu, mwina madigiri 12 kapena kutsika apo. Valani zovala ziwiri zopyapyala m'malo mwa juzi limodzi lokhuthala. Pakatha mphindi 15 thupi limakhala litatentha, chapamwambacho n'kumanga m'chiuno. Chikhale choyera kapena chowala, choti dalaivala amene wagona pang'ono usiku akuoneni.

Okonzekera mpikisano wa makilomita 21.1 ali ndi msewu wa ku Mwami, pafupifupi makilomita 20 kuchokera m'tauni mpaka pa malire ndi Malawi. Pitani ndi munthu wa njinga wonyamula madzi, tengani chitupa chanu cha unzika (NRC) m'thumba, ndipo mukayamba kuona mzere wa malole odikira pa malire imani pomwepo, mukwere galimoto yobwerera. Pakati pa malole oimikidwa si pothamangira.

Lachiwiri, phiri la Kanjala

Dzina la Chipata linachokera ku mpata wa pakati pa mapiri, ndipo miyendo ya wothamanga wa kuno imalimbira m'mapiri momwemo. Kanjala ndi lapafupi, loyambira m'tauni momwe. Lili ndi kanjira ka galimoto kokwera ku nsanja za wailesi pamwamba, komanso tinjira tambirimbiri ta otola nkhuni ndi oswa miyala. Tsiku loyamba tsatirani ka galimotoko. Tinjira tinato timathera pa dzenje la miyala kapena kuseri kwa nyumba ya munthu. Dzipatseni ola limodzi ndi theka pokwera ndi kutsika, ndipo pitani atatu kapena kuposerapo, foni ili m'kati mwa chovala.

Pokwera mapazi aziponda pafupipafupi, msana uli wowongoka. Ambiri amapinda m'chiuno n'kumayang'ana zala za kumapazi, chifuwa n'kufinyika, mpweya n'kuchepa. Muyeso wake ndi pakamwa: ngati simungathe kunena mawu asanu motsatizana, yendani, manja ali pa maondo, mpaka mpweya ubwerere. Kuyenda pa chitunda si kugonja ayi, ngakhale akatswiri othamanga m'mapiri amatero. Wofuna kulimbitsa miyendo asankhe chitunda chimodzi chapansipansi, athamange chokwera sekondi 60, atsike akuyenda, abwereze kasanu ndi kamodzi. Kamodzi pa sabata n'kokwanira.

Anthu amavulala potsika. Nthaka ya Julayi ndi youma gwa, ndipo pamwamba pake pamakhala timiyala tosakhazikika. Mukatambasula mwendo n'kuponda ndi chidendene patsogolo, timiyalato timagudubuzika, inu n'kukhala pansi ndi matako, kapena kutsamira dzanja n'kuthyola mkono. Pondani ndi phazi lonse pansi pa thupi lanu, mikono itatambasuka pang'ono, maso ali mamita atatu kutsogolo. Zikhadabo za kumapazi zimada chifukwa cha kutsetsereka komweku, zala zikamagunda kutsogolo kwa nsapato. Wengani zikhadabo masiku awiri musanakwere, mangani zingwe mpaka pa bowo lomaliza, ndipo nsapato ikhale ndi mpata wa chala chachikulu cha kumanja kutsogolo kwa zala.

Ambirife nsapato timagula pa salaula, ndipo zabwino zimapezeka. Koma nsapato yothamangira imatha mphamvu ikayenda makilomita 600 mpaka 800, ndipo ya pa salaula ina yayenda kale theka la ulendowo ngakhale pamwamba ikuwala. Itembenuzeni. Ngati mano a kunsi afufutika, pa Kanjala idzakugwetsani. Ipotozeni ngati mukufinya chovala: yofewa ngati nsanza isiyeni. Dinani m'mbali mwa chidendene, mukaona makwinya ambiri ozama ndiye kuti thonje lake linaphwa kale.

Pamwamba perekani moni kwa mlonda ndipo musayandikire mpanda wa nsanja. Tauni yonse imaoneka pansi, mizikiti, bwalo la gofu, madenga a malata ndi utsi wa mbaula ukuyandama pamwamba pake. Chimene chimapweteka mtima ndi mbali za phirilo. Mitengo yatha, zigwembe zikukula chaka ndi chaka, ndipo madzi a mvula amatsikira m'nyumba za anthu m'munsimo. Wothamanga aliyense wodula njira pa kona amayambitsa kanjira katsopano, mvula ya Disembala n'kukasandutsa ngalande. Tsatirani njira imene ilipo.

Lachitatu, damu la Lutembwe

Madzi a m'mipopi ya Chipata amachokera ku madamu a pa mtsinje wa Lutembwe. Wa njinga aliyense pa msika wa Kapata akudziwa njira yake. Gwirizanani mtengo wopita ndi wobwera musanakwere, ndipo mumuuze nthawi yodzakutengani. Malo opopera madzi ndi a kampani ya madzi, musalowemo ndipo musakwere pa zipangizo zake. Musayembekezenso njira yosalala yozungulira damu lonse. Zimene zilipo ndi tinjira ta asodzi, ta ng'ombe ndi ta eni madimba, ndipo kathamangidwe kake ndi kopita n'kubwerera momwemo. Ngati mwakonza mphindi 50, tembenukani pa mphindi 23, chifukwa pobwerera miyendo imakhala italemera.

Nthaka ya kuno ndi ya mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi msampha wake. Kumtunda kuli katondo wofiira, wolimba, wokoma kuthamangapo, pokhapokha ngolo zitasiya mikwasa yozama. Kenako minda yokolola kale. Mizere ya chimanga musaidule mopingasa mukuthamanga, imathyola mapazi, ndipo nyengo ino anyamata akukumba mbewa. M'mawa uno m'mbali mwa njira munali mauna atatu okumbidwa dzulo, lililonse lakuya kufika m'bondo, dothi lake litaunjikidwa pambali, ena ataphimbika ndi mapesi. Mukaona phulusa la moto waung'ono ndi dothi latsopano m'munda, dziwani kuti maenje ali pafupi. Pa lupsa paliponse zitsa za udzu wopsa zimakhala zakuthwa ngati misomali, zimaboola nsapato yopyapyala.

Wachitatu ndi dambo, kufupi ndi madzi. Ng'ombe zinapondaponda pamenepa matope adakali ofewa, ndipo tsopano ziboda zake zaumiramo, timaenje tokwana chidendene. Apa yendani basi. Pamene udzu uli wobiriwira kwambiri pakati pa udzu wouma, pansi pake pali thope lomira mpaka m'katumba.

M'zitsamba za m'mbali mwa mtsinje muli chitedze, ndipo miyezi ino zikhokho zake zauma, ubweya wake ukuuluka ndi kamphepo kalikonse. Chikakugwerani musakande, chifukwa kukanda kumalowetsa ubweyawo m'khungu. Vulani chovalacho, matani selotepi pamalopo n'kumatula kangapo, kenako sambani ndi sopo mukafika kunyumba. Kampukutu ka selotepi n'kopepuka, kaikeni m'thumba. Chisoso chomata pa masokosi ndi chongotopetsa pochotsa.

Mphiri ndi nkhani ina. Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma mphiri imangogona pa njira kuwothera dzuwa la m'mawa, khungu lake lofanana ndi masamba ouma. Woyamba pa mzere aziyang'ana pansi, ndipo chipika chogwera pa njira muzichiponda pamwamba kaye kuti muone kuseri kwake musanatsike. Munthu akalumidwa musacheke, musayamwe, musamange chingwe cholimba. Mugonekeni, vulani nsapato ndi chilichonse chothina, mwendo usagwedezeke, munyamulireni ku chipatala msanga. Apa ndi pamene nambala ya wa njinga yamoto imapulumutsa moyo, ndiye ikhale m'foni musananyamuke.

Tsopano madziwo. Munthu akatuluka thukuta, damu limakopa kuti asambe m'miyendo. Musatero. Madzi odekha okhala ndi bango ndi kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo take timalowa pa khungu lopanda bala m'mphindi zochepa, osamva kanthu, ndipo magazi m'mkodzo amadzaoneka patapita masabata kapena miyezi. Amene nsapato yake yamira m'dambo avule masokosi, apukute mapazi mwamphamvu ndi nsalu youma, ndipo akadzaona chachilendo akayezetse. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka ku chipatala.

Madimba ali ndi eni ake. Njira ikalowa pa mpanda wa dimba imani, nenani kuti "Odi kuno, amayi, tidutse nawo?" ndipo mudikire yankho. Kawirikawiri amakulozerani njira yabwino kuposa imene munali nayo. Mukadutsa tsekani khomo monga munalipezera, chifukwa mbuzi ikalowa n'kudya repu mlandu ndi wanu, ndipo wothamanga wobwera mawa adzabwezedwa. Kankhalango ka mitengo ikuluikulu kotsala pakati pa minda yopanda mtengo ndi manda. Musalowemo kufuna mthunzi kapena kukataya madzi. Kwa Achewa malo amenewa ali ndi mwambo wake, ndipo wolowamo popanda chilolezo amakayankha kwa mfumu.

Lachinayi, ulendo wa ku Lundazi

Makilomita pafupifupi 180 kumpoto pa msewu wa M12, kudutsa ku Chipangali ndi ku Lumezi. Minibasi imanyamuka ikadzaza, ndiye fikani pa sitesheni m'mamawa ndipo tsiku limeneli musaliwerengere kuthamanga. Miyendo ikapindika maola angapo pakati pa matumba imatupa ndi kuuma. Mukatsika yendani mphindi 30, madzulo mugone chagada miyendo mutaitsamiritsa kukhoma mphindi 10.

Tauni ya Lundazi yakhala m'mphepete mwa damu. Kuchokera pa msika mpaka pa damu ndi ulendo wa pansi. Kumtunda kwa damulo kuli Castle, nyumba ya njerwa yokhala ndi nsanja zozungulira ngati ya mafumu akale a ku Ulaya, imene DC wa nthawi ya atsamunda, Errol Button, anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Lero ndi malo ogona alendo, ndipo kwa wothamanga ndi chizindikiro chabwino chifukwa aliyense, ngakhale mwana, angakulozereni kumene ili.

Madzulo ndi nthawi yoyendera njira ya mawa pang'onopang'ono kukadali kowala. Dzuwa limalowa cha m'ma 17:30 ndipo mdima suchedwa. Funsani asodzi funso limodzi lolunjika: kodi masiku ano m'madzimu mwaonekamo mvuu kapena ng'ona, ndipo mbali iti? Iwo ndi amene amadziwa za sabata ino. Udzudzu wa pa damu umayamba dzuwa likangolowa, ngakhale m'nyengo yozizira, ndiye valani zofika m'manja ndi m'mapazi ndipo mugone m'neti.

Lachisanu, Lundazi

Pafupi ndi madzi kumazizira kuposa pa msika, ndipo m'bandakucha nkhungu imagona pa damu moti bwato la msodzi limaoneka ngati likuyandama m'mwamba. Mame a pa udzu amanyowetsa nsapato m'mphindi zisanu. Sokosi ya thonje ikanyowa imakwinyika n'kumakhula khungu, matuza n'kutuluka pansi pa zala. Valani masokosi a nayiloni othina bwino, ndipo pakani Vaseline pakati pa zala ndi kuseri kwa chidendene musanavale. Thuza likatuluka musasende khungu lake. Lalikulu libooleni m'mbali ndi singano yowotcha pa moto, finyani madzi, matani pulasitala.

Njira zimene taziona kuti n'zoyenera zilipo zitatu, zonse zoyambira pa Castle. Yoyamba ndi ya m'boma: kukwera kupita ku maofesi ndi ku msika, kuzungulira n'kutsikiranso ku damu. Tauniyi ndi yaing'ono, ndiye wofuna ola lathunthu azungulire kawiri kapena katatu. Ubwino wake ndi woti madzi ndi chovala chofunda mungazisiye malo amodzi n'kumazipeza pozungulira paliponse. Iyi ndi imene tingaloze mlendo wothamanga yekha, makamaka wamkazi.

Yachiwiri ndi ya m'mbali mwa damu, yotsata tinjira ta asodzi ndi ochapa. Ndi yokongola kuposa zonse, koma ndi yothamanga pang'onopang'ono, ndipo iyambike 06:30 itadutsa, pamene anthu ayamba kutsikira ku madzi. Khalani mamita angapo kutali ndi bango. Pamene madzi amasefukira pali simenti yomera ndere, yoterera ngati sopo ngakhale madzi atangofika m'kapondo ka nsapato. Anthu a konkuno amawoloka opanda nsapato chifukwa zala zawo zimagwira, koma raba ya nsapato yothamangira sigwira pa ndere. Zungulirani. Maukonde oyanikidwa pa udzu saoneka bwino m'mawa, ndipo kuwang'amba ndi kudula chakudya cha banja la munthu.

Yachitatu ndi misewu yafumbi yopita kumidzi. Ili ndi zigawo za mchenga wozama pamene njinga zimakankhidwa. Mu mchenga phazi limamira, chidendene n'kutsika kuposa zala, ndipo mtsempha wa kuseri kwa chidendene ndi katumba zimakokeka. Wosazolowera asapitirire mphindi 10 mu mchenga wotere tsiku loyamba. Pondani m'mkwasa wa matayala a njinga kapena m'mbali momera udzu, ndi molimbirako. Njira za kumidzi zimafanana, ndiye pa mphambano iliyonse tembenukani muyang'ane kumbuyo, muone mmene padzaonekere pobwerera, ndipo sungani chizindikiro chosasuntha: mjigo, chigayo, tchalitchi, mtengo wa mango waukulu.

Kuno ambiri amalankhula Chitumbuka, ngakhale Chichewa amamva. "Mwawuka uli?" ndi moni wa m'mawa, ndipo yankho ndi "Tawuka makora." Pa mudzi chepetsani liwiro, perekani moni kwa akulu ali pa khonde. Munthu wothamanga mwakachetechete pakati pa nyumba za anthu amaoneka ngati wathawa kanthu. Azimayi amange chitenje chachifupi pamwamba pa zothina za masewera akamadutsa pa mudzi kapena pa maliro. Mukaona nthambi zaikidwa pa msewu ndiye kuti pali maliro, yendani, chipewa chili m'manja, mpaka mudutse nthambi zachiwiri.

Galu akakuthamangirani imani, mutembenukire, weramani ngati mukutola mwala. Agalu akumudzi amachidziwa chizindikiro chimenechi. Kuthawa kumangomuwonjezera mphamvu. Akakulumani, ngakhale pang'ono, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani ku chipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Matenda amenewa akayamba kuonekera sachizika.

Wofuna kuyeza liwiro wopanda wotchi ya GPS apemphe kwa aphunzitsi aakulu bwalo la mpira la pa sukulu. Bwalo lokwana bwino ndi mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, kulizungulira ndi mamita 346, katatu n'kupitirira pang'ono kilomita imodzi. Mabwalo a sukulu ambiri ndi ocheperako, ndiye yezani kaye ndi chingwe cha mamita 10.

Loweruka, kubwerera

Wopita ku Mfuwe pa galimoto wamba kuchokera ku Lundazi amabwerera kaye ku Chipata, ndiye lero ndi tsiku la msewu ndi lopuma. Nsapato zichapidwe ndi burashi ndi madzi ozizira, chopondera cha m'kati chitachotsedwa, n'kuziyanika pa mthunzi mutaikamo nyuzipepala. Pa mbaula kapena pa denga la malata guluu wake amasungunuka.

Ku Mfuwe ndi kuchigwa, kumatentha, ndiye konzani chakumwa lero. Mu lita imodzi ya madzi owiritsa ikani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mchere ukachuluka umatsegula m'mimba. Pothamanga kupitirira ola, imwani pafupifupi theka la lita pa ola, pang'onopang'ono. Musananyamuke nthochi imodzi kapena mbatata yophika ikwanira. Mukabwerako, thobwa ndi nshawa zokazinga zimabweza mphamvu msanga, nsima n'kubwera pambuyo.

Lamulungu, Mfuwe

Makilomita pafupifupi 130 a phula kuchokera ku Chipata, ndipo msewu umatsika mamita ngati 600 kulowa m'chigwa cha Luangwa. Mpweya umalemera, mitengo imasintha, patsogolo pamayamba tsanya amene kuno amati mupani. Zonse tanena za kudzuka m'bandakucha ziiwaleni mukafika kuno. Nthawi imene wothamanga amaikonda ndi yomwe mvuu zimabwerera ku mtsinje kuchokera kodya usiku, ndiponso njovu zimawoloka kubwerera ku paki ya nyama zakutchire kuchokera m'minda ndi m'midzi.

M'kati mwa South Luangwa National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1972, simuthamangidwa. Oyenda pansi m'menemo amakhala ndi wowatsogolera wovomerezeka ndi sikauti wa mfuti, ndipo lamulo lawo loyamba ndi loti musathamange, chifukwa kwa mkango chothamanga ndi nyama. Tsidya lino la mtsinje, ku dera la midzi ndi masitolo lotchedwa Cropping ndi kumalo ogona alendo, kulibe mpanda wotchinga nyama. Mtsinje wa Luangwa ndi wowuona mutaima pa gombe lalitali, kapena pa mlatho wolowera ku paki masana. Pa mchenga wake musatsikepo, ng'ona ndi zambiri.

Njira ya mvuu ndi yosavuta kuizindikira mukaiona kamodzi: mikwasa iwiri yoyandikana, kamzere ka udzu katatsala pakati, yochokera pa gombe kulowa kumtunda, ndipo pa zitsamba za m'mbali pamakhala ndowe zomwazika zimene imapemerera ndi mchira. Imaoneka ngati kanjira kabwino kothamangamo. Musalowemo. Mvuu ikadzidzimuka imathamangira ku madzi kudzera momwemo, pa liwiro lofika makilomita 30 pa ola. Wothamanga wamphamvu, wa mphindi 4 pa kilomita, ali pa makilomita 15 pa ola.

Malo othamangira ndi msewu waphula wochokera ku mtsinje kupita ku bwalo la ndege, pafupifupi makilomita 25, chigawo chake chakutali ndi mtsinje, kumene kuli masitolo, masukulu ndi midzi yotsatizana. Kwerani galimoto mpaka kumeneko. Yambani cha m'ma 07:30, dzuwa litakwera, njinga ndi anthu zitadzaza msewu, ndipo malizani 09:00 isanakwane. Mu Julayi kutentha kumapiririka. Mu Okutobala kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, ndipo sitingalimbikitse aliyense kuthamanga kuno mwezi umenewo. Mutu ukayamba kupweteka, kapena mukamva tsembwe dzuwa lili phwee, imani pa mthunzi, dzithireni madzi m'khosi ndi m'khwapa, ulendo wathera pomwepo.

Musapatuke pa phula kutsata njira zodutsa m'makande. Dothi lakudali limang'ambika ming'alu yolowa phazi, ndipo mapazi a njovu a m'dzinja anaumiramo, maenje ngati mabeseni, obisika mu udzu. M'nkhalango za mupani muli kashembe, ntchentche zoluma ngati singano yamoto zimene zimakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda komanso ndi chinthu choyenda. Valani zotuwa.

Musanayambe funsani wa njinga amene akuchokera kumene mukupita: "Atate, njovu zili kuti lero?" Kuno funso limeneli ndi wamba ngati kufunsa mtengo wa tomato, ndipo amayankha molondola, kutchula mtengo kapena mlatho umene zaima. Ndowe za njovu zonyowa, zofuka nthunzi, kapena nthambi zothyoka kumene pa msewu zikutanthauza kuti zili pafupi. Mukaona anthu a njinga atsika n'kuima pagulu, imani nawo, ndipo muyambenso pokhapokha iwo atakwera. Mukakumana ndi njovu mwadzidzidzi musakuwe ndipo musadutse pakati pa yaikazi ndi mwana wake. Bwererani cham'mbuyo pang'onopang'ono kulowera kumene mphepo ikupita, kuti fungo lanu lisaifike, mpaka pakhale nyumba kapena galimoto pakati pa inu ndi iyo. Njovu ikhoza kuima pa mtengo umodzi theka la ola kapena kuposa, choncho botolo la madzi likhale m'manja mwanu, lisatsale m'galimoto.